Wometa wa ku Seligman ndi Msewu wa m'Chipululu

Pa 27 Juni 1985 akuluakulu oyang'anira misewu m'dziko la United States of America adagwirizana zofufuta msewu wina m'kaundula wa misewu ya dzikolo. Msewuwo unkadziwika ndi nambala yake, 66, ndipo eni ake ankautchula kuti Route 66. Sadaugumule ayi, ngakhalenso kuutseka ndi zipika. Adangolamula kuti zikwangwani zake zizulidwe ndi kuti nambalayo isalembedwenso pa mapu. Kwa munthu wa mu ofesi imeneyi idali nkhani yaing'ono ya pepala ndi cholembera. Koma kwa anthu a m'timatauni ta m'chipululu cha Arizona, amene chakudya chawo chinkachokera m'matumba a apaulendo, chigamulocho chidali ngati kuwaza dothi lomaliza pamanda. M'chimangirizo chino tiona m'mene anthu wamba a m'timatauni timeneti adadzutsira msewu wawo, naukongoletsa kuti ukhale chikumbutso cha mbiri yawo. Tifunsanso funso limene alendo ambiri odzajambula zithunzi kumeneko safunsa: kodi mbiri imene idapakidwa penti m'mbali mwa msewuwo ndi ya yani?

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambe taona dziko lenilenilo. Arizona ndi chigawo cha kumwera chakumadzulo kwa United States, chochita malire ndi dziko la Mexico. Gawo la msewu limene tikunena lili kumpoto chakumadzulo kwa chigawochi. Limayambira pafupi ndi tauni ya Ash Fork, n'kudzera ku Seligman, Peach Springs, Truxton, Valentine, Hackberry, Kingman ndi Oatman, mpaka kukathera ku Topock, m'mphepete mwa mtsinje wa Colorado. Mtunda wonsewu ndi makilomita pafupifupi 250. Ku Seligman n'kokwera, mamita ngati 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuli zigwa zazikulu za udzu waufupi. Munthu akamatsetsereka kulowera kumadzulo udzuwo umanka nuchepa, m'malo mwake n'kumaona miyala yakuda, mapiri opanda mitengo ndi zomera zaminga zimene zimasunga madzi m'matupi mwake. Kumeneko n'kuchipululu cha Mojave, kumene m'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 40.

Njira imeneyi sidayambe ndi galimoto. Eni nthaka, makamaka mtundu wa Hualapai ndi anansi awo a Havasupai ndi Mojave, adali ndi tinjira tawo tolumikiza akasupe, pakuti m'chipululu njira imatsata madzi, osati kufuna kwa munthu. M'chaka cha 1857 boma lidatuma Edward Beale kuti alambule njira ya ngolo yopita ku mtsinje wa Colorado. Iye adayenda ndi ngamila zoposa 20 zimene boma lidaitanitsa kuchokera kutsidya kwa nyanja, pofuna kuyesa ngati zingathandize asilikali m'dziko louma chotero. M'zaka za 1882 ndi 1883 njanji idatsata pafupifupi mzere womwewo. Sitima za masiku amenewo zinkayendera nthunzi, motero zinkamwa madzi ambiri, ndipo ponse pamene sitima inkaima kuti imwe padamera kamudzi. Tauni ya Kingman idatenga dzina la Lewis Kingman, amene adayeza modutsa njanji, pamene Seligman idatenga dzina la Jesse Seligman, mwini banki wa ku New York amene ndalama zake zidathandiza pa ntchitoyo.

Pa 11 Novembala 1926 boma lidalumikiza tizidutswa ta misewu yosiyanasiyana n'kutipatsa nambala imodzi. Msewu watsopanowo udayambira ku Chicago n'kudutsa m'zigawo 8 mpaka ku Los Angeles, ndipo pambuyo pake adautalikitsa kufika ku Santa Monica, kugombe la nyanja ya Pacific. Utali wake udali makilomita pafupifupi 3,940. Phula lidamalizidwa kuthiridwa msewu wonse m'chaka cha 1938.

Anthu oyamba kuudzaza msewuwu sadali okacheza. M'zaka za m'ma 1930 chilala choopsa chidagwa m'zigawo za Oklahoma, Texas, Kansas ndi zina zoyandikana nazo. Nthaka imene alimi adaigalauza mopitirira muyeso idasanduka fumbi, mphepo n'kuinyamula mpaka dzuwa kubisika masanasana. Pamwamba pa chilala padali mavuto a zachuma amene adagwetsa mabanki ndi mafakitale. Mabanja adalandidwa minda chifukwa cha ngongole, ndipo anthu oposa 200,000 adalongedza mphasa, miphika ndi ana pa magalimoto okalamba kulowera ku California kukafuna ganyu m'minda ya zipatso. Mlembi wotchuka John Steinbeck adasimba za ulendo umenewu m'buku lake la The Grapes of Wrath la m'chaka cha 1939, ndipo ndiye adaupatsa msewuwu dzina lakuti mayi wa misewu, limene lidakakamira mpaka lero.

Pa ulendo wonsewo, malo amene oyendetsa galimoto ankawaopa koposa adali pakati pa Kingman ndi Oatman. Pamenepo msewu umakwera mapiri otchedwa Black Mountains, n'kudutsa pampata wa Sitgreaves, uku ukukhotakhota ngati njoka yopondedwa kumchira, phompho lili pambali. Magalimoto ena akale adalibe pampu yokankha mafuta. Mafutawo ankangotsika okha kuchokera m'thanki kupita ku injini. Pachitunda chachikulu sankafika, kotero kuti oyendetsa ena ankatembenuza galimoto n'kukwera chafutambuyo. Amantha ankalipira anthu a komweko kuti awawolotsere galimoto paphiripo. Ambiri ankadikira kuti dzuwa lilowe asanayambe kudutsa chipululu, atakoleka matumba a chinsalu chokhuthala odzaza madzi kutsogolo kwa galimoto kuti mphepo iziwaziziritsa.

Mmodzi mwa ana amene ankaima m'mbali mwa msewu ku Seligman kuonerera mabanja ovutikawo adali Angel Delgadillo. Iye adabadwa pa 19 Epulo 1927 m'nyumba yoyang'anana ndi msewu womwewo, kwa makolo ochokera ku Mexico. Bambo ake adayamba agwira ntchito kunjanji asanatsegule nyumba yometera tsitsi, koma mavuto a zachuma aja adawagwetsa, ndipo banjalo lidatsala pang'ono kulowa nawo mumzere wa opita ku California. Chidawapulumutsa n'chakuti ana awiri aakulu adapeza ntchito m'gulu lina loimba. Angel atakula adakaphunzira kumeta ku Pasadena, nabwerera kwawo kukatsegula nyumba yake yometera m'chaka cha 1950. Iyi idali nyengo ya mwanaalirenji. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idali itatha, anthu adali ndi ndalama ndi magalimoto atsopano, ndipo mabanja ankayenda maulendo ataliatali pongofuna kuona dziko. Tauni ya Seligman idadzaza ndi nyumba zogona alendo, zodyera ndi malo omwetsera mafuta, zonse zili ndi magetsi amitundumitundu ophethira usiku. Mkulu wake wa Angel, Juan, adatola matabwa otayidwa kunjanji namanga kanyumba kogulitsiramo zakudya kotchedwa Snow Cap m'chaka cha 1953. Bambo Angel Delgadillo akhala akusimba kuti magalimoto ngati 9,000 ankadutsa m'tauniyo tsiku lililonse, moti kuwoloka msewu kunkafuna kudekha.

Walira mvula walira matope. Kuchuluka kwa magalimoto kumene kudalemeretsa timatauniti ndi kumenenso kudatipha. Msewu wopapatiza wodutsa pakati pa sitolo ndi masukulu sukadatha kusenza katundu wotero, ndipo ngozi zidachuluka. Pulezidenti Dwight Eisenhower, amene pa nthawi ya nkhondo adaona misewu ikuluikulu ya ku Germany, adasaina lamulo m'chaka cha 1956 lomanga misewu yotakata, yowongoka, yosadutsa m'kati mwa matauni. Wolowa m'malo mwa Route 66 ku Arizona udali wotchedwa Interstate 40. Pa 22 Sepitembala 1978 gawo la msewu watsopanowo lapafupi ndi Seligman lidatsegulidwa, ndipo tsiku lomwelo lisanathe m'tauni mudati zii. Msewu watsopano udadutsa pafupi ndithu, mkokomo wa magalimoto n'kumamveka, koma wokhota kuti agule kanthu adali mmodzimmodzi. Peach Springs, Truxton, Valentine ndi Hackberry zidaona zakuda kuposa apa, chifukwa kuchokera ku Seligman msewu watsopano udalunjika ku Kingman, n'kusiya timatauniti kutali chakumpoto.

Zaka zotsatira zidali za kutseka zitseko. Eni nyumba zogona alendo adakhomera matabwa m'mawindo, achinyamata adasamukira ku mizinda ikuluikulu. Mu Okutobala 1984 tauni ya Williams, yomaliza pa msewu wonse, nayonso idalambalalidwa. M'chaka cha 1985, chomwe chija nambala idafufutidwa, kampani ya njanji ya Santa Fe idaleka kugwiritsa ntchito Seligman ngati malo osinthirana antchito a m'sitima, amene ankagona, kudya ndi kumetetsa m'tauniyo. Mwendo wachiwiri wa mpando udathyoka pamenepo.

Nyumba yometera ndi malo a nkhani, ndipo wometa amamva zambiri kuposa mfumu. Apaulendo owerengeka amene ankasocherera ku Seligman ankakhala pampando wa Bambo Delgadillo n'kumasimba zofanana: kuti adadutsa pano ali ana, ali kumbuyo kwa galimoto ya bambo awo, ndipo abwera kudzafuna msewu umene ankaukumbukira. Pajatu mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wometa uja adazindikira kuti chimene anthuwa ankafuna sichidali kufika msanga, koma kuyenda pang'onopang'ono ndi kukumbukira. Adayamba kuyendera amalonda anzawo m'matauni oyandikana nawo, ambiri n'kumawayang'ana ngati munthu wolota masana. Potsiriza adaitanitsa msonkhano pa 18 Febuluwale 1987 m'nyumba yodyera yotchedwa Copper Cart ku Seligman. Padafika anthu 15 okha. Anthu amenewa ndiwo adakhazikitsa bungwe la Historic Route 66 Association of Arizona, nasankha Bambo Delgadillo kukhala mtsogoleri wake woyamba.

Nzeru ya bungweli idagona pa kuchepa kwa chimene lidapempha. Silidalire kuti msewu watsopano utsekedwe, kapena kuti boma ligawe ndalama zachipepeso. Zoterezi zikadangothera m'makabati a m'maofesi. Lidapempha mawu amodzi okha, akuti msewu wakale utchedwe wa mbiri, ndi kuti pakhale zikwangwani zolozera apaulendo kumene uli. Mamembala adalemba makalata, naimba mafoni, osatopa, mpaka mu Novembala 1987 boma la Arizona lidavomera kuti gawo la pakati pa Seligman ndi Kingman, la makilomita pafupifupi 140, lidziwike ndi dzina lakuti Historic Route 66. Pambuyo pake dzinalo lidafalikira ku zigawo zina za msewuwo mu Arizona. Wina angaderere chinthu chotere, nati chikwangwani sichidyedwa. Koma taganizani: phula lidalipo kale, nyumba zidalipo kale, ngakhale mapiri ndi thambo la m'chipululu zidalipo kale. Chimene chidasowa chidali chifukwa choti munthu wothamanga pa msewu wotakata aponde buleki ndi kukhota. Chikwangwani chofiirira chija ndicho chidapereka chifukwacho.

Mu Epulo 1988 bungweli lidakonza chikondwerero chotsegulira msewu, ndipo eni magalimoto akale adayenda mondondozana kuchokera ku Seligman kulowera kumadzulo, akuima m'tauni iliyonse. Ulendo umenewu, wotchedwa Fun Run, udasanduka mwambo wa kumayambiriro kwa mwezi wa Meyi, wokoka magalimoto mazanamazana mpaka ku Topock. Phindu lake silidali ndalama za masiku atatu okhawo. Mudzi ukamayembekezera alendo umasesa pabwalo, ndipo timatauniti tidayamba kuchotsa zinyalala m'mbali mwa msewu, kupaka penti makoma ndi kukonzetsa magetsi akale a pazikwangwani. Pofuna kupezera bungwe ndalama, Bambo Delgadillo ndi akazi awo, Mayi Vilma, adayamba kugulitsa tinthu tachikumbutso m'nyumba yometera ija, ndipo m'kupita kwa nthawi malondawo adakula kuposa lumo ndi sizasi.

Ku Hackberry, kamudzi kamene kadayamba ndi mgodi wa siliva m'zaka za m'ma 1870, kudali sitolo imene idatsekedwa msewu utafa. M'chaka cha 1992 katswiri wojambula pamanja, Bob Waldmire, adaitsegulanso kuti ikhale malo olandirira alendo. Munthuyu adali wamtundu wakewake: moyo wake wambiri adathera m'kagalimoto kake, akuyendayenda pa Route 66 ndi kujambula mapu odzaza ndi tizilembo ting'onoting'ono. Pa mapu akewo sankaikapo nyumba ndi milatho yokha, komanso mbalame, njoka, abuluzi ndi zomera za m'chipululu, pakuti kwa iye kukongola kwa msewu kudali dziko limene msewuwo ukudutsamo. Adagulitsa malowo m'chaka cha 1998 atatopa kukangana ndi ophwanya miyala, amene ankagumula mapiri apafupi kuti miyalayo ikakongoletse mabwalo a nyumba kwina. Nkhani yaing'ono imeneyi ikutionetsa kuti mawu akuti kukongoletsa ali ndi mano: pabwalo pa wina pamawala chifukwa phiri la wina lagumuka.

Ku Kingman ntchito idali yaikulupo. Pakati pa tauniyo pali chinyumba cha konkire chimene chidayamba kumangidwa m'chaka cha 1907 kuti chizipanga magetsi a m'migodi. Damu la Hoover litayamba kupereka magetsi otsika mtengo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, makina ake adazima, ndipo chinyumbacho chidakhala bwinja zaka zambiri. Nzika zina za m'tauniyo, zimene zidadzitcha Powerhouse Gang, zidakana kuti chigwetsedwe. Zidasonkha ndalama ndi mphamvu mpaka m'chaka cha 1997 chidatsegulidwa ngati malo olandirira alendo, ndipo mu 2001 mudakhazikitsidwa nyumba yosungiramo zinthu zakale zosimba mbiri ya msewu. Kumadzulo kwa Kingman, patsinde pa mapiri oopsa aja, padali malo omwetsera mafuta omangidwa ndi miyala otchedwa Cool Springs, a m'zaka za m'ma 1920. Adapsa ndi moto m'zaka za m'ma 1960, ndipo zotsalira zake adaziphulitsa opanga kanema wina m'chaka cha 1991. Mkulu wina wochokera ku Chicago adagula bwinjalo mu 2001 nalimanganso potsata zithunzi zakale, ntchito n'kutha mu 2004.

Oatman ndiye ali ndi mbiri yakeyake, poti adafa kawiri anzake asanafe n'kamodzi komwe. Tauniyi idatukuka ndi golide cha m'ma 1915, koma migodi yotsala idatsekedwa m'chaka cha 1942 boma litalamula kuti anthu akumbe miyala yofunika pankhondo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 msewu udapatutsidwa kuti uzungulire mapiri kudzera ku Yucca, ndipo m'tauni mudatsala anthu owerengeka. Okumba migodi pochoka adamasula abulu awo. Zidzukulu za abulu amenewo ndizo zimatsika m'mapiri m'mawa n'kumayendayenda pakati pa sitolo, zikununkhiza m'matumba a alendo. Lamulo la m'chaka cha 1971 limaziteteza. Alendo amazikonda kwambiri, koma akatswiri a zachilengedwe amadandaula kuti zikachuluka zimadya zomera zosaphuka msanga ndi kulimbirana akasupe ndi nkhosa zakutchire za m'mapiriwo.

Chimene chidayambira pa anthu 15 chidayenda ngati moto wa m'tchire louma. Pasanathe zaka zambiri, chigawo chilichonse mwa 8 zija chidali ndi bungwe lake losamala msewu. Boma lalikulu lidatsatira pambuyo: m'chaka cha 1999 Pulezidenti Bill Clinton adasaina lamulo lothandiza kusunga nyumba, milatho ndi zikwangwani za Route 66. Mu 2005 pakati pa tauni ya Seligman padalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri a dzikolo, ndipo mu 2009 gawo la Arizona lidapatsidwa ulemu wa All-American Road, umene umaperekedwa kwa misewu yokongola koposa. John Lasseter wa kampani ya Pixar adacheza ndi Bambo Delgadillo pokonzekera kanema wa ana wotchedwa Cars, amene adatuluka mu 2006, wosimba za katauni koiwalika msewu waukulu utakalambalala. Mabasi a alendo ochokera ku Germany, France, Japan ndi maiko ena, popita kukaona chigwa cha Grand Canyon, adayamba kuima ku Seligman. Wometa uja adapitiriza ntchito yake mpaka mu 2022, pamene adaika lumo pansi ali ndi zaka 95.

Palibe angatsutse kuti anthu amenewa adachita chamuna. Komabe wophunzira mbiri asamathere pa kuomba m'manja, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu woyenda pa msewuwu amaona zaka za m'ma 1950 paliponse: magalimoto onyezimira, zithunzi za oimba ndi akatswiri a kanema, mapampu akale a petulo. Ndi zaka zimene zimagulitsa malonda, chifukwa ndi zaka za ubwana wa alendo oyamba aja. Pali chitsanzo china choseketsa. M'mbali mwa msewu, kufupi ndi Seligman, mudaikidwa tizikwangwani tofiira totsatizana, totengera tija tinkalengeza mankhwala ometera ndevu a Burma-Shave kuyambira m'zaka za m'ma 1920 mpaka 1963. Alendo amatijambula ngati chikumbutso cha makedzana. Koma olemba mbiri ya kampaniyo amati Arizona chidali chimodzi mwa zigawo zochepa kumene sinkaikako tizikwangwani take, poona kuti odutsa adali ochepa. Ndiye kuti anthu akukumbukira chinthu chimene pamalopo padalibe. Pamene zongopeka zoterezi zinkadzalidwa, chinthu chenicheni chidazulidwa: hotela ya njanji yotchedwa Havasu, imene idaima ku Seligman kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, idagwetsedwa m'chaka cha 2008 ngakhale anthu adayesa kuipulumutsa.

Zaka za mwanaalirenji zija sizidali zokoma kwa aliyense. Munthu wakuda woyenda pa Route 66 masiku amenewo ankatha kukanizidwa chipinda, chakudya, ngakhale mafuta a galimoto, ndipo m'matauni ena ankayenera kutulukamo dzuwa lisanalowe. Talingalirani tanthauzo la zimenezi m'chipululu, kumene tauni yotsatira ili kutali ndipo madzi a mu injini akuwira. N'chifukwa chake Victor Hugo Green, wogwira ntchito ya mtengatenga ku New York, adayamba kusindikiza kabuku m'chaka cha 1936, kodziwika ndi dzina lakuti Green Book, kolozera anthu akuda malo amene angalandiridwe. Ku Kingman malo ogona otchedwa White Rock Court adalembedwa m'kabukuko. Tsankho lotere lidaletsedwa ndi lamulo la m'chaka cha 1964, zaka zabwino za msewu zili pafupi kutha. Ofufuza ayamba kuilemba mbiri imeneyi, koma pa makoma opakidwa penti imaoneka mwa apo ndi apo.

Mbiri yolemera koposa ndi ya eni nthaka. Njira ya Beale ndi migodi zitabweretsa alendo m'dziko lawo, a Hualapai adamenya nkhondo kuyambira m'chaka cha 1865 kwa zaka zingapo, nagonjetsedwa. Mu 1874 asilikali adawasamutsa mokakamiza, wapansi, kupita ku La Paz, kuchigwa chotentha cha mtsinje wa Colorado, kumene ambiri adafa ndi njala ndi matenda. Chaka chotsatira otsalawo adathawa kubwerera kwawo, n'kupeza akasupe awo ali m'manja mwa oweta ng'ombe. M'chaka cha 1883 Pulezidenti Chester Arthur adawapatulira dera limene likulu lake ndi Peach Springs, koma kampani ya njanji idati mbali yaikulu ya nthakayo ndi yake. Mlanduwo udatenga zaka makumi angapo, mmodzi mwa outsogolera ali Fred Mahone, Mhualapai amene adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu Disembala 1941 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo lidagamula mokomera a Hualapai, ndipo chigamulocho chidakhala maziko a milandu ina ya nthaka ya eni dziko. Mlanduwu udakhudza nthaka ya m'mbali mwa msewu womwewu, ndipo udagamulidwa m'zaka zomwe magalimoto ankadutsa.

Ku Valentine, pafupi ndi msewu, paima nyumba ya njerwa zofiira imene idamangidwa m'chaka cha 1903. Idali sukulu yogonera komweko ya ana a Hualapai ndi a mitundu ina monga Havasupai, Hopi, Mojave ndi Navajo. Anawo ankachotsedwa kwa makolo awo, n'kuletsedwa kulankhula zinenero zawo, ndipo theka la tsiku ankalithera pa ntchito zamanja. Sukuluyo idatsekedwa mu 1937. Nyumba yotere siingakongoletsedwe monga akongoletsera malo omwetsera mafuta, ndipo pakati pa a Hualapai eni ake pakhala maganizo osiyana pa zoyenera kuchita nayo, popeza ena akaiona amakumbukira misozi ya agogo awo. Iwo ali ndi njira yawoyawo yokumbukira: mwezi wa Epulo amachita mwambo wothamanga molandizana potsata njira imene makolo awo adadzera pothawa ku La Paz. Mwambowu umachitika masabata ochepa magalimoto onyezimira a Fun Run asanadutse m'dera lomwelo.

Sikuti a Hualapai adaufulatira msewu. M'chaka cha 1997 adatsegula hotela yawo ku Peach Springs, yolandira alendo opita ku Grand Canyon ndi ku mtsinje wa Colorado. Mu 2016 bungwe la eni nthaka loona zokopa alendo lidatulutsa kabuku kosimba za Route 66 monga mitundu yawo imauonera, n'kukumbutsa owerenga kuti gawo loposa theka la msewu wonse limadutsa m'nthaka ya mitundu imeneyi. Pakati pa Peach Springs palinso malo akale omwetsera mafuta otchedwa Osterman, omangidwa ndi zidina za simenti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Akuluakulu a mtunduwo amawakumbukira ngati pamalo pamene anthu ankakumana, kucheza ndi kupeza ganyu, ndipo mtundu wa Hualapai udawagula kuti uwasunge. Adalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri mu 2012, koma mphepo ndi mvula zidapitiriza kuwononga denga ndi makoma, kotero kuti mu 2023 bungwe la National Trust for Historic Preservation lidawaika pa mndandanda wa malo 11 a mbiri amene adali pangozi yaikulu m'dziko lonselo. Pamenepo n'kuti kutangotsala zaka 3 kuti msewu ukwanitse zaka 100 chiupatsire nambala yake.